Hita Pulagi Ikathyokera mu Injini

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kukafika pachimake kuno ku Chiparamba, galimoto ya dizilo imavuta kulira m'mamawa. Kawirikawiri vuto limakhala hita pulagi, kachitsulo kamene kamatenthetsa mpweya wa mu silinda. Posintha pulagiyo m'pamene pagona ngozi: mwaye ndi dzimbiri zimaimata m'dzenje mwake, ndipo woipotokola mwamphamvu amaithyola.

Choncho musanagwire sipanala, thirani mafuta omasula dzimbiri, agonemo usiku wonse. M'mawa tenthetsani injini, muizimitse, muchotse waya wa batire, ndipo mupotokole pang'onopang'ono, uku ndi uku.

Ikathyoka, musamenye chotsaliracho ndi nyundo. Makaniko waluso amachiboola mowongoka, atapaka girisi pa choboolera kuti tizitsulo tisagwere m'kati, kenaka amadula mazinga atsopano, namangamo bawuti yochikokera kunja.

Nsonga ikagwera mu silinda, musalize injini ngakhale kamodzi, pakuti idzaswa pisitoni ndi mavalavu. Pamenepo hedi ya injini imasulidwe, ipite kwa amisiri ku Chipata. Kudikira usiku umodzi n'kotsika mtengo kuposa kukonzetsa injini pamene chimanga chikuyembekeza ulendo wa kumsika.