Zimene buku la zithunzi limachita m'mutu mwa mwana wa mkombaphala

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, ambiri mwa ife tikaweruka pano timakapeza kamwana kunyumba: mng'ono wathu, mlongo wathu, kapena mwana wa achemwali amene akuleredwa ndi agogo. Ena amapita ku mkombaphala m'mawa, ena amangosewera fulaye ndi phada pabwalo podikira kuti akwane zaka 6 akayambe Sitandade 1. Funso langa ndi ili: mwa ana amenewa, ndi angati anagwirapo buku lawolawo? Kope lathu la Biology limene amaling'amba tikaliiwala pamphasa lisawerengedwe ayi. Ndikunena buku lopangidwira iwowo, la zithunzi zikuluzikulu ndi mawu ochepa. M'nkhani ino ndifotokoza mmene buku lotere limapangidwira, zimene limamuphunzitsa mwana amene sanadziwe ngakhale chilembo "a", ndi zimene ife oyendera tingachitepo, poti ndife timagona nawo nyumba imodzi tsiku ndi tsiku.

Buku la zithunzi n'chiyani kwenikweni?

Mabuku ambiri ali ndi zithunzi, koma si onse amene tingawatchule kuti mabuku a zithunzi. Taonani buku lathu la Agriculture. Muli chithunzi cha pulawo, koma mutachimata ndi pepala, notsi zake mungazimvebe bwinobwino. Buku la ana aang'ono ndi losiyana. Mukachotsa zithunzi, nkhani yafa, chifukwa theka la nkhaniyo lili m'zojambulazo.

Ndipereke chitsanzo changa. Mawu a patsamba akhale akuti: Kalulu anati, "Ine mtedza sindinauone." Koma pachithunzi Kalulu masaya ali tutumu, makoko a mtedza ali mbwee kumbuyo kwake. Wamkulu akuwerenga mawu, mwana akuyang'ana chithunzi, ndiye mwanayo amayamba kuseka n'kumaloza kuti, "Akunama! Wadya!" Apa mwana wadziwa chinthu chimene mawu sananene, ndipo wachipeza yekha. Olemba ndi ojambula aluso amachita dala zimenezi. Alipo mabuku ena opanda mawu ngakhale amodzi, nkhani yonse mwana amaipanga ndi pakamwa pake.

N'chifukwa chiyani ambiri ali ndi masamba 32?

Mukapeza buku lotere, taliwerengani masamba. Kawirikawiri mupeza 32, mwina 24 kapena 16. Chifukwa chake chili kosindikizira. Kumeneko sasindikiza tsamba limodzilimodzi. Amasindikiza masamba ambiri pa chipepala chimodzi chachikulu, kenako n'kuchipinda n'kudula m'mbali. Yesani ndi pepala la m'kope. Mukapinda kamodzi mupeza masamba 4, kawiri masamba 8, katatu 16, kanayi 32. Ndiye wolemba amadziwiratu kuti malo ake ndi ochepa, sangatayepo mawu. Masamba oyambirira amapita ku mutu wa buku ndi mayina a olemba, otsalawo ndiwo anyamule nkhani yonse.

Chinthu china chimene amachiganizira kwambiri ndi kutembenuza tsamba. Wolemba wanzeru amaika funso kumapeto kwa tsamba la kumanja, yankho n'kulibisa kuseri. "Kodi m'nkhokwemo munali ndani?" Mwana sangapirire, amatambasula yekha dzanja kuti atsegule. N'chimodzimodzi agogo akamasimba nthano madzulo, amaima kaye pamalo pokoma mpaka tonse titayankha kuti "tili tonse".

Mabuku a makanda osakwana zaka 3 amapangidwa ndi masamba a katoni yolimba, makona ake osasongoka, chifukwa mwana wa msinkhu umenewo buku amaliluma, kulikoka ndi kuliponya. Kwa iye kumeneko ndiye kuwerenga kwake.

Zinayamba liti?

Buku limene anthu ambiri amalitchula kuti ndi limodzi mwa oyambirira a mtundu umenewu ndi Orbis Pictus, la mphunzitsi wina dzina lake John Amos Comenius, wochokera kudera limene lero lili m'dziko la Czech Republic. Linasindikizidwa mu 1658 mumzinda wa Nuremberg, m'Chilatini ndi m'Chijeremani. Iye anaona kuti ana amangoloweza mawu osadziwa kuti chinthucho chimaoneka bwanji. Ndiye anaika chithunzi, zinthu za pachithunzipo n'kuzipatsa manambala, ndipo nambala iliyonse inkalozera ku dzina la chinthucho. Ma diagram athu a Biology okhala ndi timizere tolozera mayina ndi abale ake a nzeru yomweyo.

Mu 1902 ku England kunatuluka The Tale of Peter Rabbit, la mayi Beatrix Potter, amene analemba ndi kujambula okha. Ndi kabuku kakang'ono koti kakwane m'manja mwa mwana, ndipo nkhani yake ndi ya kakalulu kosamva kamene kanakalowa m'dimba la eni. Ku America, kuyambira 1938 amapereka chaka ndi chaka mphoto yotchedwa Caldecott Medal kwa wojambula buku la ana labwino koposa. Taganizani, mphoto yopita kwa wojambula. Inu amene mumajambula aphunzitsi kumapeto kwa kope nthawi ya Maths, dziwani kuti luso limenelo ena amadyera.

Chitsanzo chimodzi chotchuka

Mu 1969 Eric Carle anatulutsa buku lotchedwa The Very Hungry Caterpillar. Nkhani yake ndi ya kambozi kamene kaswa m'dzira kali ndi njala. Lolemba kakudya chipatso chimodzi, Lachiwiri ziwiri, Lachitatu zitatu, mpaka Lachisanu zisanu. Loweruka kakudya zinthu zambirimbiri mpaka m'mimba kupota. Pamapeto kanenepa, kadzitsekera m'kanyumba kake, kenako katuluka kali gulugufe. Masamba a bukuli ali ndi timabowo tenitenidi pamene mboziyo yadutsa, toti mwana apisemo chala.

Tawerengani zimene mwana watola m'kankhani kamodzi aka: masiku a pamlungu, kuwerenga kuyambira 1 mpaka 5, mayina a zipatso, mitundu ya utoto, ndi mmene mbozi imasandukira gulugufe, zimene ife timazitcha metamorphosis n'kumavutika nazo pamayeso. Palibe wamukalipira, palibe wamuuza kuti aloweze. Amangoti, "Tiyambirenso."

Zimene mwana amaphunzira asanadziwe zilembo

Ife tinazolowera mabuku moti tinaiwala kuti kagwiridwe ka buku nakonso n'kophunzira. Mwana sabadwa akudziwa kuti buku lili ndi kumwamba ndi kunsi, kuti timayambira kutsogolo, kuti mzere umachokera kumanzere kupita kumanja, kapena kuti timadontho takuda tili pansi pa chithunzito ndito tikumuuza wowerenga zoti anene. Amene anakhalapo pamiyendo ya munthu akuwerengeredwa amalowa Sitandade 1 zonsezi akuzidziwa kale. Mnzake amene buku akuliona koyamba amayambira patali, ndipo nonse mukukumbukira mmene tinkadzazira m'kalasi ku pulayimale. Mphunzitsi mmodzi sangathe kugwira dzanja la mwana aliyense.

Chachiwiri ndi mawu. Pakhomo timalankhula mawu omweomwewo: bwera, khala pansi, katunge madzi, usagwire. M'buku mwana amakumana ndi mvuu, ngalawa, utawaleza, mlatho, ndi mawu a mumtima monga nsanje, manyazi ndi chisoni. Mawu amene anawamvapo ndi khutu savuta kuwazindikira tsiku limene adzawaone atalembedwa.

Chachitatu ndi kutsata nkhani: chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani, chifukwa chiyani. Ndi luso lomwelo limene amatifunsa pa comprehension ndi pa chimangirizo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo sukulu za ana aang'onozi amazitcha dzina lomwelo.

Kawerengedwe kake

Kuwerengera mwana kumasiyana ndi kuwerenga notsi. Mukhazikeni pamiyendo kapena pambali panu kuti nonse muziona tsamba limodzi. Yambani ndi chikuto, mumufunse kuti akuona chiyani ndipo akuganiza kuti muchitika zotani. Powerenga muzilondoleza mawu ndi chala. Sinthani mawu anu: Fisi alankhule mwa besi, Kalulu mwa kamawu kakang'ono. Musaope kuoneka ngati opepera, mwana amakonda zomwezo.

Muzimufunsa mafunso ofuna kuganiza, monga "N'chifukwa chiyani mbuziyi ikuthawa?" Akayankha kuti "galu", inu muwonjezere: "Eya, ikuopa galu wakuda uja ali kuseri kwa khola." Mukatero mwamupatsa chiganizo chathunthu pamwamba pa liwu lake limodzi. Akafuna kubwerera tsamba la m'mbuyo, mulekeni abwerere. Mphindi 10 zakwana. Akayamba kuyang'ana nkhuku, tsekani buku mawa lilipo.

Mng'ono wanga wa zaka 4 ali ndi kabuku kamodzi kamene tabwereza mwina kokwana makumi awiri. Pano amakatsegula yekha n'kumawerengera ana anzake, chala chili pamzere, mawu akuwatchula pamtima. Ena amaseka kuti waloweza chabe. Zoona waloweza, koma wagwira kale mfundo yakuti mawu a patsamba sasintha, lero ndi mawa ndi omwewo.

Vuto lathu kuno

Mabuku otere m'midzi mwathu ndi osowa, ndipo ochepa amene amafika ambiri ndi a Chingerezi, ojambulidwa zinthu zachilendo monga chipale chofewa ndi zimbalangondo. Kuona za kutali n'kwabwino, koma mwana amafunanso kuona mtondo, chitenje ndi njinga ya kabaza m'buku, kuti adziwe kuti moyo wa kwawo nawonso ndi woyenera kulembedwa. Mukapeza la Chingerezi musalitaye. Onani zithunzi, musimbe nkhaniyo m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'chinenero chilichonse cha pakhomo panu.

Alipo mabuku a zithunzi onena za kuno kwathu. Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams ndi kujambulidwa ndi Catherine Stock, linatuluka mu 1990. Limasimba za mnyamata wotchedwa Kondi amene akuyendayenda kutolera mawaya kuti apange galimoto yake yoseweretsa. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi, inatulukanso ngati buku la zithunzi mu 2012, wojambula wake Elizabeth Zunon. Awiriwa ndi a Chingerezi ndipo amayenera ana okulirapo pang'ono, komabe wamng'ono akhoza kutsata zithunzi inu mukumusimbira.

Ku South Africa kuli bungwe la Book Dash, limene linayamba mu 2014. Amasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba, onse ongodzipereka, ndipo amapanga buku lathunthu m'maola 12 okha. Cholinga chawo n'chakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akeake pofika zaka 5. Kulinso African Storybook, kumene kuli nkhani za zithunzi zaulere m'zinenero zambiri za mu Africa, chathuchi chili momwemo. Amene kwanu kuli foni ya intaneti mukhoza kuwerengera mwana pafoni pomwepo.

Tipange athu

Ngati anthu atatu amatha buku tsiku limodzi, ife tingalephere pa teremu yonse? Zofunika zake ndi izi. Tengani mapepala 4 oyera, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale, muwapinde pakati pamodzi. Mwapeza masamba 16. Chikuto mudule ku katoni ya sopo. Sokani pakati ndi singano ndi ulusi wa thumba la feteleza. Musagwiritse mapini, angamulase mwana kapena angawameze. Pomata, phala la ufa wa chinangwa limagwira bwino. Makirayoni akasowa, makala apereka chakuda, katondo chofiira, masamba a dzungu otikita chobiriwira.

Sankhani nkhani yaifupi yokhala ndi chinthu chobwerezabwereza, monga nkhuku imene yataya mwanapiye ndipo ikufunsa nyama iliyonse imene yakumana nayo. Musanajambule, lembani timabokosi 16 pakope ndi kugawa nkhaniyo, kuti isakuthereni masamba ili pakati. Tsamba lililonse chiganizo chimodzi, zilembo zikuluzikulu zosalumikiza, zofanana ndi zimene akaphunzire ku Sitandade 1. Chithunzi chikhale chachikulu, ndipo mubisemo kanthu kamene mawu sanatchule, monga kabuluzi kopezeka patsamba lililonse. Mukamaliza muliyese pa mwana weniweni. Akathawa pakati, pamenepo ndiye pofunika kukonza. Lisungeni m'jumbo, poopa chiswe ndi mvula.

M'kalasi mwathu muli odziwa kujambula, muli odziwa nthano za agogo, muli a zilembo zokongola. Titakhala atatuatatu, kalasi ya anthu 60 itulutsa mabuku 20, okwana kukapereka kwa alezi a mkombaphala wapafupi ndi ena n'kumabwerekana m'makomo. Amene mwakonzeka, lembani dzina ndi kalasi yanu papepala ndamata m'munsimu, ndipo Lachisanu pa breki tikumane pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2. Mubwere ndi pensulo ndi nthano imodzi.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2