MWANA WA WOGULITSA NSAPATO AMENE ANAPHUNZITSA DZIKO KUJAMBULA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za William Merritt Chase, mmisiri wa ku America wojambula zithunzi ndi utoto.

Chase anabadwa m'caka ca 1849 m'cigawo ca Indiana. Atate wace anali wogulitsa nsapato, ndipo anamuika m'sitolo kuti aphunzire malonda. Koma mtima wa mnyamatayo unali pa kujambula. Iye anapita ku New York kukaphunzira luso limeneli, koma ndarama zinamthera. Tsono m'caka ca 1872 anthu ena a malonda a mu mzinda wa St. Louis, ataona nchito ya manja ace, anasonkha ndarama namtumiza ku Munich m'dziko la Germany. Malipiro ao anali zithunzi zace.

Atabwerera kwao mu 1878, Chase sanabise nzeru zimene anazipeza. Anayamba kuphunzitsa ku Art Students League ku New York, ndipo kuyambira 1891 kufikira 1902 anatsogolera sukulu ya m'nyengo yofunda ku Shinnecock Hills, pa cisumbu ca Long Island.

Malowo anali a mcenga ndi zitsamba cabe, koma zithunzi zace zokoma koposa zinacokera komweko. Kajambulidwe kace kachedwa Impressionism. Mmisiri sakhala m'nyumba nalemba tsamba liri lonse la mtengo ai. Aturuka panja, napaka utoto wowala msanga-msanga kuti agwire kuwala kwa dzuwa kusanasinthe. Mukayandikira cithunzi cotere muona madontho okha. Mukaima patali muona udzu, mitambo ndi nyanja. Umo ndimo anaphunzitsira ana ace a sukulu, amuna ndi akazi omwe.

Mu 1896 anatsegula sukulu yace ku New York, imene pambuyo pace inachedwa Parsons School of Design. Mwa ophunzira ace munaturuka Georgia O'Keeffe ndi Edward Hopper, amene mbiri yao inamveka kutali. Chase anamwalira mu 1916.

Tsono inu akumvera, mwana wanu akamalemba zithunzi pa cipupa ndi khala la moto, musafulumire kumkalipira. Kumbukirani kuti akadapanda anthu aja a ku St. Louis, kapena Chase akadakalamba akugulitsa nsapato. Tsalani bwino.