Mgolo wa Matabwa ndi Mbiya ya Mowa

M'boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, mowa wa masese uli ndi malo ake pa dima, paukwati ndi pa bona. Koma palibe mayi wofulula amene amausunga mpaka chaka, pamene ku Belgium mowa wotchedwa lambic umagona m'migolo ya matabwa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu. Mphunzitsi ayenera kudziwa chifukwa chake, pakuti ana adzamfunsa.

Mgolo wotere amaupanga ndi matabwa a mtengo wa oak, omangidwa ndi mikombero yachitsulo. Mtengowo umapatsa mowa fungo ndi kakomedwe, ndipo umalowetsa mpweya pang'onopang'ono. Mowawo amayamba auchotsa matsokwe, nauphika ndi maluwa owawa otchedwa hops, amene amafooketsa tizilombo tina towononga. Kenaka amausunga pozizira.

Masese ndi osiyana. Mayi amanyika chimanga, mawere kapena mapira kuti zimere, naziyanika, nazisinja. Ichi ndicho chimera. Chimera chimasandutsa phala kukhala lotsekemera, ndilo thobwa, ndipo yisiti amasandutsa kutsekemerako kukhala ukali wa mowa. Mu 1857 Louis Pasteur wa ku France anasonyeza kuti kusasa ndi ntchito ya tizilombo tamoyo. M'masese tizilomboti sitifa, chakudya chake chili momwemo, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumatifulumizitsa. Motero pakapita masiku owerengeka mowa umasasa, osamwekanso.

Komabe mbiya ndi mgolo zili pachibale. M'timing'alu ta dothi, monganso m'matabwa, mumatsalira yisiti wa mowa wakale, amene amadzutsa mowa watsopano. Nchifukwa chake amayi amakonda mbiya yakale koposa yatsopano.

Pali ngozi imodzi yoyenera kuitchula m'kalasi. Ofulula ambiri anasiya mbiya, natenga migolo yachitsulo ndi yapulasitiki. Mgolo umene munakhala mankhwala a mbewu kapena mafuta a galimoto sutha poizoni ngakhale autsuke kangati, ndipo ungadwalitse mudzi wonse.

Mphunzitsi asaphunzitse ana kumwa. Koma angathe kumeretsa chimanga pansalu yonyowa, nalawitsa ana njere youma ndi yomera, kuti adzimvere okha kutsekemera. Atumenso ana kwa agogo awo kukalemba mawu onse a ntchitoyi, popeza mbiya ikasweka, mawu akenso amatayika.