Zaulere amalipira ndani? Sosholizimu ya demokalase ndi malonjezo a pa kampeni

Mu 2016, komanso mu 2020, ndale za ku America zidagwedezeka ndi mkulu wina wa imvi, Bernie Sanders, seneta wochokera m'chigawo cha Vermont, amene ankafuna kuti chipani cha Democratic chimusankhe kukaimira pa mpando wa pulezidenti. Kumeneko woimira chipani sapezeka pa konvenshoni ya masiku awiri monga timachitira kuno. Amachita mapulaimale chigawo ndi chigawo kwa miyezi ingapo, ndipo ovota ndi anthu wamba. Sanders adagonja maulendo onse awiri, koyamba kwa Hillary Clinton, kachiwiri kwa Joe Biden, koma adasiya pakamwa pa achinyamata mawu amene anthu a kumeneko ankawaopa: sosholizimu ya demokalase.

Ankalonjeza kuti boma lizilipirira chipatala munthu aliyense, osati okalamba okha a zaka 65 kupita m'tsogolo monga imachitira ndondomeko ya Medicare yomwe idayamba mu 1965. Ankafuna kuti m'makoleji a boma musamakhale fizi, ndalama zake zizichokera ku msonkho wa ochita malonda a masheya ku Wall Street. Ankafunanso kuti malipiro otsikitsitsa akwere kuchoka pa madola 7.25 kufika pa madola 15 pa ola. Otsutsana naye adati zimenezi ndi chikomyunizimu.

Mayi wa kwa Malemia atamva mkanganowu akhoza kudabwa. Iye akapita ndi mwana ku chipatala cha boma cha Domasi salipira. Mwana wake wa ku pulaimale alibe fizi. Dzina lake likatuluka pa mndandanda amagula feteleza motsika mtengo. Zimene Sanders ankamenyera m'dziko lolemera kwambiri, ife tili nazo kale, ngakhale zina zili papepala pokha. Nchifukwa chake nkhaniyi ndi yathunso.

Mawuwa amatanthauza chiyani? Sosholizimu ndi ganizo lakuti zinthu zimene moyo wa aliyense umadalira, monga chipatala, sukulu, madzi ndi magetsi, zisasiyidwe m'manja mwa ofuna phindu okha, koma anthu onse azisonkherana kudzera ku boma. Mawu akuti demokalase amawonjezerapo malire: zonsezi zichitike mwa voti, zipani zikhale zambiri, atolankhani azilemba momasuka, ndipo boma likalephera anthu alichotse. Amene adafikako ku sikimu ya mpunga ya Domasi sangavutike kumvetsa. Ngalande ndi ya onse, ndipo alimi amagawana madzi kudzera m'bungwe lawo. Koma munda uli ndi mwini wake, ndipo mpunga akakolola amagulitsa kumene wafuna. Mkangano wonse wa pakati pa sosholizimu ndi kapitolizimu uli pa funso limeneli: nchiyani chikhale ngalande, nanga nchiyani chikhale mpunga?

Maiko oyandikana nafe adayesapo sosholizimu yopanda mbali yachiwiriyo. Julius Nyerere adalengeza mfundo za Ujamaa ku Arusha mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anthu ambiri a ku Tanzania adasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi yokhazikitsidwa ndi boma. Odziwa kulemba ndi kuwerenga adachuluka ndithu, koma ulimi udalowa pansi. Ku Mozambique chipani cha Frelimo chidatenga mfundo za Marx ndi Lenin mu 1977. Konseko chipani chidali chimodzi, ndiye mlimi wodandaula adalibe kolozera chala. Kuno kwathu Kamuzu Banda sankafuna nkumva komwe za sosholizimu. Amalawi amene ankaikhulupirira adathawira kunja nkukhazikitsa gulu la LESOMA, ndipo mtsogoleri wawo, Attati Mpakati, adapezeka ataphedwa ku Harare mu 1983.

Sanders sankaloza kumeneko. Iye ankaloza ku Denmark, dziko limene lili ndi makampani a anthu ndi misika yomasuka, koma chipatala ndi yunivesite nzaulere. Nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, Lars Løkke Rasmussen, idachita kunena poyera mu 2015 kuti dziko lawo si la sosholizimu, ndi la msika. Dzina lisatitayitse nthawi. Chofunika kudziwa nchakuti ku Denmark msonkho umadya ndalama zopitirira makumi anayi pa zana lililonse la chuma cha dziko, ndipo VAT yawo ndi 25 peresenti. Salipira olemera okha. Namwino, kalipentala, mphunzitsi, onse amadulidwa kwambiri, ndipo amavomera chifukwa akadwala mankhwala amawapeza.

Tsopano tibwere kwathu. Pa kampeni ya 1994 Bakili Muluzi ndi chipani cha UDF adalonjeza pulaimale yaulere, ndipo atapambana adachitadi. M'chaka chimodzi chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Ambiri mwa ife amene lero tili m'koleji ndi ana a anthu amene adaponda m'kalasi chifukwa cha lonjezo limenelo, ndiye tisamalinyoze. Koma lonjezo lidathamanga kuposa thumba. Makalasi adasefukira, ana adaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji, nkuwaphunzitsa ali kale pa ntchito kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Chigwa cha Domasi chimaidziwa bwino nkhaniyi, pakuti kuno nkumene kuli Malawi Institute of Education, kokonzera silabasi ndi mabuku a sukulu, komanso Domasi College of Education, yosula aphunzitsi a sekondale. Buku limalembedwa kuno, koma likafika ku sukulu ya kumudzi ana angapo amapanikizana pa limodzi. Fizi itachoka, makolo adayambanso kusonkha tindalama ta chitukuko ndi ta mayeso, ndipo mwana wosauka ankabwezedwabe kunyumba.

Feteleza adayendanso njira yomweyo. Bingu wa Mutharika adayambitsa makuponi mu 2005 dziko litangotuluka m'njala, ndipo nkhokwe zidadzaza kwa zaka zingapo. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse udalonjeza thumba pa K4,495, ndipo chaka choyamba alimi adagulatu pa mtengo umenewo. Chaka chotsatira lidafika pa K7,500, kenaka K15,000, uku chiwerengero cha opindula chikuchepa. Pano sipafunika kufunafuna mfiti. Feteleza timagula kunja ndi madola, ndipo kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, lonjezo lopangidwa m'makwacha limasungunuka lokha.

Kusiyana kwathu ndi Denmark kuli apa. Amalawi ochuluka ndi alimi ndi ochita mageni ang'onoang'ono amene sali pa buku la malipiro, choncho msonkho wa pa malipiro umagwera kagulu kochepa ka apantchito. Wosauka salipira msonkho umenewo, komabe VAT imamupeza akagula yuniti za foni kapena malata. Zotsala timadzaza ndi ngongole ndi thandizo la kunja, ndipo thandizolo limatha kuchoka tsiku lililonse, monga lidachokera pambuyo pa Cashgate mu 2013. Chipatala chimakhala chaulere pakhomo, koma dokotala akalemba mankhwala nkukuuzani kuti mukagule ku famase, mwalipira basi. Kwa ine, kuba ndalama za boma ndiye mdani wamkulu wa mfundo zimenezi kuposa wotsutsa aliyense, chifukwa munthu amene waona msonkho wake ukumanga nyumba za eni ake sangavomere kuwonjezera.

Ife a Adventist nkhaniyi si yachilendo monga imamvekera. Chakhumi cha mpingo wa m'tauni ndi cha kampingo ka kumudzi zimapita thumba limodzi, ndipo abusa amalipidwa kuchokera m'thumba limenelo, osati molingana ndi kulemera kwa nkhosa zawo. Nchifukwa chake mpingo wa alimi okhaokha umakhalabe ndi mbusa. Malamulo a Mose adalamula kusiyira osauka khunkha m'munda ndi kubweza malo pa chaka cha makumi asanu, ndipo limenelo lidali lamulo la dziko, osati chifundo cha munthu payekha. Komanso amene amathamangira ku Machitidwe a Atumwi kuti atsimikize sosholizimu asaiwale kuti Petro adakumbutsa Hananiya kuti mundawo udali wake, ndipo palibe adamukakamiza kugulitsa. Mlandu wake udali bodza. Paulo nayenso adadzudzula a ku Tesalonika ofuna kudya osagwira ntchito. Baibulo silingatisankhire chipani. Ngakhale zipatala zathu, monga Malamulo, zimalipiritsa kuti ziyende, ngakhale boma limathandiza zipatala za mipingo kudzera ku CHAM.

Sanders anthu adamupanikiza kwa miyezi yathunthu, pa mitsutso ya pa kanema ndi m'nyuzipepala, kuti anene kumene ndalama za chipatala chaulere zichokere, mpaka adavomera kuti msonkho wa anthu apakati ukwera, ngakhale adati zimene amalipira ku inshuwalansi zidzatha. Ena adamuthawa pa chifukwa chomwecho. Pa makonvenshoni athu nthumwi zimafika, zimavota, zimabwerera, ndipo manifesito amatuluka woimira chipani atadziwika kale. Mapulaimale a aphungu ndi makhansala ndiwo amafika kumudzi, koma kumeneko nkhani imakula ndi ya zitenje ndi ya amene amagula mabokosi pa maliro. Wophunzira amene akudikira ngongole ya ku Loans Board, kapena amene bambo ake agulitsa mpunga wa chaka chonse kuti alipire semesita imodzi, ali ndi chifukwa chokwanira choimirira pa msonkhano wotero nkufunsa kuti sukulu yaulereyo ilipidwa ndi msonkho uti, ndipo aphunzitsi ake ali kuti.