PhD ya unamwino ku Britain: dziwani izi musananyamuke

Chiyambireni ntchito m'chipatala cha boma kuno ku England, anamwino anzanga akumudzi sasiya kundifunsa za PhD ya unamwino. Ambiri amayesa kuti ukangolembetsedwa ndi NMC, bungwe lopereka ziphaso kwa anamwino, khomo la yunivesite latseguka. Ayi ndithu. NMC imangokulola kugwira odwala, za sukulu sizikuikhudza.

PhD ya kuno si yokhala m'kalasi. Umayamba ndi funso lako, n'kulemba ndondomeko ya kafukufuku, kenaka n'kufunafuna mphunzitsi wokuyang'anira, amene timangoti supervisor. Iyeyo akapanda kukulandira, palibe chimene chingayende. Wophunzira wosagwira ntchito amatha zaka zitatu kapena zinayi, koma wophatikiza ndi mashifiti a usiku amafika zaka zisanu ndi chimodzi. Pamapeto umapereka buku la mawu pafupifupi 80,000 n'kukaliteteza pa viva, pomwe akatswiri awiri, wina wochokera ku yunivesite ina, amakupanikiza ndi mafunso kwa maola angapo.

Pamene pagona nkhani ndi pa ndalama. Wotengedwa ngati wakuno amalipira mapaundi pafupifupi 5,000 pachaka, pomwe mlendo m'mayunivesite ambiri amapitirira 20,000. Ndipo kukhala ndi viza ya ntchito sikukuchotsa m'gulu la alendo. Kawirikawiri pamafunika chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Namwino wongofika amayambira pa mlingo wa malipiro wa Band 5, ndipo akalipira lendi n'kutumizako kwa makolo, za fizi sangaziyerekeze. Thandizo lilipo, monga la bungwe la NIHR lomwe limalipira fizi ndi malipiro a namwino wochita kafukufuku, koma olimbirana ndi ochuluka. Musayembekezerenso kuti PhD ikukwezerani malipiro mu wodi. Phindu lake limaonekera pa uphunzitsi ndi kafukufuku.

Chimene chimandiwawa ndi ichi: maphunziro aulere a Commonwealth, omwe Amalawi ali ndi mwayi wopikisana nawo, amafuna munthu wokhazikika kwawo amenenso adzabwerere akamaliza. Ambirife tidazidziwa titanyamuka kale.

Choncho inu amene mukadali ku Queens, ku Mzuzu Central kapena mukuphunzitsa ku KUHeS, ngati cholinga chanu ndi PhD, yambirani komweko. Malizani masters, sankhani funso lochokera m'mawodi athu, monga la amayi oyembekezera kapena ana obadwa masiku asanakwane, ndipo lemberani supervisor musanaganize za tikiti ya ndege.