Gwafa wa pakhomo ndi magazi a mayi woyembekezera

Amayi anzanga, pa zaka zanga zonse za uzamba, chimene chimandisowetsa mtendere ndi mayi wobwera kudzachira ali ndi magazi ochepa. M'zikope mwayera, m'manja mwatuwa, akayenda pang'ono ali wefuwefu. Mayi wotere akataya magazi pobereka, ngakhale ochepa, moyo wake umakhala pachiswe. Kwa inu a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, komwe udzudzu ndi wosasowa, malungo amawonjezera vutoli chifukwa amaphwanya magazi.

Nandolo amene timalima ku Machinga ndi ku Balaka, nyemba ndi bonongwe zili ndi ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi. Koma thupi limavutika kutenga ayironi wa m'zomera pokhapokha vitamini C atathandizira. Apa ndiye pali ntchito ya gwafa. Mukayeza mulingo wofanana, gwafa ali ndi vitamini C wochuluka pafupifupi kanayi kuposa lalanje.

Choncho mayi woyembekezera akatha kudya nsima ya nandolo, adye gwafa wakupsa wotsuka ndi madzi aukhondo. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri, pakuti amatchinga ayironi. Gwafa salowa m'malo mwa mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo kapena neti. Zonsezi ziyendere limodzi.

Kubzala kwake n'kosavuta. Fesani njere za gwafa wakupsa bwino m'timachubu. Mvula ikakhazikika, okerani mbande m'dzenje lothira manyowa, motalikana mamita 5 kapena 6, ndipo muzitchingire mbuzi. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi mudzayamba kuthyola. Magwafa ogwa pansi muziwatola n'kuwakwirira mozama, chifukwa mphutsi za m'menemo zimasanduka ntchentche zodzaboola zipatso zina.

Pali mtundu wina wa tizipatso tofiira wochokera ku Brazil, umene pa Chingerezi amati strawberry guava. Ndi wokoma, koma ku Hawaii ndi ku Mauritius unafalikira m'nkhalango n'kuphimba mitengo yachilengedwe. Musavutike kuufunafuna. Gwafa wathu yemweyu, amene timasiyira ana ndi mbalame, ndi wokwanira.

Pa msonkhano wanu ukubwerawu, werengani amayi oyembekezera a mu mphakati wanu. Amene ali ndi mtengo pakhomo aziwapatsako magwafa, ndipo chaka chino aliyense wa iwo alandire mbande yake.