Za Kudziwa Njala Isanafike

Inu eni mabanja, njala siigwa modzidzimutsa. Iri nazo zizindikiro zace. Bungwe la FEWS NET, limene a ku America analiyamba mu 1985, liyesa mvula ndi makina a m'mlengalenga, lipenya mitengo ya cimanga m'misika, ndipo lineneratu za njala isanafike. Mu 2023 linacenjeza za El Niño, ndipo mu 2024 cilala cinakantha maboma 23 a Malawi.

Koma makinawo sapenya m'nkhokwe mwanu. Cifukwa cace, pakudza alangizi kudzafunsa za zokolola, nenani zoona, osacepsa, osaonjeza. Anawo mupite nawo kusikelo mwezi ndi mwezi. Pakuti thandizo litsata mawerengero. Mudzi wonama ulanda nsima ya ana a mudzi wina.